Mwana wanga akuti amalume ake ndi "zombi"

FUNSO: Achimwene anga anapezeka ndi TB miyezi iwiri yapitayo ndipo akukhala kwathu pamene akumwa mankhwala. Aonda kwambiri, maso analowa m'kati. Mwana wanga wa zaka 12, yemwe amakonda mafilimu a mazombi, anauza anzake kuti "kwathu kuli zombi", amalume ake akumva. Chiyambire tsikulo achimwenewo satulukanso m'chipinda. Kunena zoona, inenso ndinawapatulira kapu ndi mbale yawoyawo. Kodi ndimuletse mafilimuwa?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, musafulumire kumuletsa. Khalani naye pansi muonere limodzi, chifukwa pali malo amodzi amene ndikufuna mudzaimitse filimuyo.

M'mafilimu ambiri otere mumakhala munthu amene walumidwa koma akubisa bala. Amakokera mkono wa malaya m'munsi, thukuta lili kamukamu, anzake akamufunsa amati "ndangotopa". Pamenepo imitsani, mufunse mwanayo kuti, akubisiranji? Ayankha yekha: akudziwa kuti akaulula amutsekera kunja kapena kumuwombera. Akangolumidwa, anzake amayamba kumuwerengera kwa akufa akadali kupuma, ngakhale dzina lake amaleka kulitchula. Ndiye mufunseninso: nanga amalume akubisaliranji m'chipinda?

Zombi wa m'nthano za ku Haiti, kumene mawuwa anatchukira, sankapatsira munthu chilichonse. Anali munthu woukitsidwa kuti azigwira ntchito ngati kapolo, womvetsa chisoni. Akufa oyenda m'chigulu n'kumadya amoyo anatchuka ndi filimu ya George A. Romero ya 1968, Night of the Living Dead, ndipo opanga mafilimu otsatira anawasandutsa mliri wofalikira polumana. Mantha amenewo sanawapeke, anawapeza kale mwa ife. Kuyambira 1866 boma la Hawaii linkachotsa odwala khate pakati pa abale awo n'kukawasiya ku Kalaupapa, pachilumba cha Molokai. Anthu pafupifupi 8,000 anatumizidwa kumeneko. Mankhwala othandiza anafika m'zaka za m'ma 1940, koma lamulo lowapatula linathetsedwa mu 1969. Taonani zaka zonsezo zimene mantha anapitirira mankhwala alipo kale.

Za kapu ndi mbale sindikudzudzulani, chifukwa nanenso ndinachita zomwezo bambo anga atadwala chifuwa chomwechi. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti iwo sanadandaule. Ankatsuka okha kapu yawo, n'kuivundikira pawindo kutali ndi zathu, ndikafuna kuwathandiza ankati "usaigwire, mwananga". Anachira, koma kapu ija anapitiriza kuiika payokha kwa chaka chathunthu. Ndinawaphunzitsa ndine kuti ndi odetsedwa.

Tinawavutitsa pachabe. Kachilombo ka TB ya m'mapapo kamayenda mumpweya wodwala akakhosomola, kuyetsemula kapena kulankhula. Sikayenda pa kapu, pa mbale kapena pogwirana chanza. Ndipo ngati ili TB yomva mankhwala, munthu akamwa mosadumphitsa kwa milungu ingapo mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri. Achimwene anu afika miyezi iwiri. Afunseni achipatala zotsatira za makhololo awo, akuuzani pamene zinthu zili. Chofunika kwa inu ndi kutsegula mawindo, iwo kutseka pakamwa pokhosomola, ndi a m'nyumba nonse kukayezetsa, makamaka ana osakwana zaka 5 ndi aliyense amene ali ndi HIV.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chitseko chotsekacho. Mankhwala a TB nthawi zambiri amatenga miyezi 6, ndipo munthu amene wagwa mphwayi, amene akudziona ngati katundu wolemetsa pakhomo, sachedwa kuwasiyira panjira. Akatero matenda amabwerera, nthawi zina osamvanso mankhwala oyamba aja, ndipo pamenepo m'pamene banja lonse limakhaladi pachiopsezo.

Bwezerani kapu ija pamene pamakhala zinzake, mwanayo akuona. Musamukakamize kupepesa pamaso pa anthu, angolankhula za pakamwa. M'malo mwake mupatseni ntchito: m'mawa uliwonse ndiye azigogoda pachitseko, atanyamula madzi omwera mankhwala, n'kuitana kuti "Amalume, nthawi yakwana." Azichonganso tsikulo pakalendala. Miyezi inayi yatsalayo awerengere limodzi.