Kwa mayi a ku Thyolo amene mwana wawo akufuna kusiya sukulu chifukwa cha gofu

Mayi, mwafunsa ngati gofu angadyetse munthu, poti mnyamata wanu wa Fomu 3 amanyamulira osewera zikwama ku kalabu kuno ku Thyolo, ndipo tsopano akuti sukulu yakwana, akufuna kukhala katswiri wolipidwa. Ena akuyankhani kuti amenewa ndi masewera a azungu ndi mabwana a m'maesiteti, mungomuletsa. Ine sindikugwirizana nawo. Koma za kusiya sukuluzo, chonde musalole.

Ku Durban, ku South Africa, kunali mnyamata wina, Papwa Sewgolum, wa banja losauka la amwenye amene makolo awo akale anabwera kudzalima nzimbe ku Natal. Nayenso anayamba ngati caddie, wonyamulira osewera zikwama, pa bwalo la Beachwood. Ndodo ankaigwira mobwerera, dzanja lamanzere pansi pa lamanja, zimene mphunzitsi aliyense akanamuletsa. Koma mpira unkamumvera. Mzungu wina wabizinesi, Graham Wulff, ataona luso lakelo anamutengera ku Ulaya mu 1959, ndipo chaka chomwecho Papwa anapambana mpikisano wa Dutch Open. Anaupambananso mu 1960 ndi mu 1964. Kwawo anapambana Natal Open mu 1963, kenako mu 1965 anapambananso, kugonjetsa Gary Player mwini wake, munthu amene anali atatchuka kale dziko lonse. Chithunzi chake chimene anthu sachiiwala n'choti akulandira chikho panja, mvula ikumukhuthukira, chifukwa malamulo a tsankho sankalola mmwenye kulowa m'nyumba ya kalabu.

Ndiye musamve zoti wonyamula chikwama sangafike patali. Anafika. Chimene chimandipweteka ine ndi mapeto ake. Boma linamutsekera mipikisano ya azungu, kumene kunali ndalama, n'kumutsekeranso njira yopita kunja. Papwa sankadziwa kuwerenga kapena kulemba. Atamulanda gofu, analibe china chogwira. Anamwalira mu 1978 ali wosauka. Lero ku Durban kuli bwalo la gofu lotchedwa dzina lake, koma ulemu umenewo mwini wake sanaudye. Tsankho lija linatha, inde, koma msana ukhoza kuvulala, wothandiza akhoza kutopa, ndipo mwana amatsala chimodzimodzi.

Tsono mumvetse mmene ntchitoyi imalipirira, chifukwa anyamata athu amangoona chikho pa TV. Wosewera gofu salandira malipiro a pamwezi ngati wa Bullets kapena Wanderers. Mpikisano waukulu umatenga masiku 4, mayenje 18 pa tsiku, onse pamodzi 72. Akatha masiku awiri oyamba amadula mzere, imene amati cut: pafupifupi theka la osewera limabwerera kunyumba, ndipo pa mipikisano yambiri obwererawo sapatsidwa ngakhale tambala. Chonsecho tikiti ya ndege walipira yekha, malo ogona yekha, ndalama yolembetsera yekha, caddie wake ayeneranso kulipidwa. Akhoza kusewera bwino ndithu, n'kuphonya mzerewo ndi kumenya kumodzi kokha, milungu itatu yotsatizana. Walira mvula walira matope. Komanso kuti ungololedwa kusewera pa Sunshine Tour, mndandanda wa mipikisano ya akatswiri olipidwa ya ku South Africa, uyenera kudutsa kaye mpikisano wosefa, kupikisana ndi anyamata amene akhala ndi aphunzitsi kuyambira ali aang'ono.

Chitsanzo chimene ndingakonde mnyamata wanu achidziwe ndi cha mnansi wathu wa ku Zambia, Madalitso Muthiya. Iye sanathawe sukulu chifukwa cha gofu. Gofuyo ndiye anamutsegulira sukulu. Anakaphunzira ku University of New Mexico ku America akusewerera timu ya pasukulupo. Mu 2006 anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mpikisano waukulu wa ku America wa US Open, pa bwalo la Winged Foot. Sanadutse cut. Ndipo kuti apambane mpikisano pa Sunshine Tour zinamutengera mpaka 2016, zaka 10 zathunthu. Ameneyo ndiye munthu waluso lenileni, wophunzira, wokhala ndi omuthandiza. Tangoganizani zaka 10 zimenezo kwa mwana wopanda MSCE.

Kuti mudziwe ngati lusolo lilipodi, musadalire mawu a anzake kapena a bwana amene amamuyamikira akamupatsa yogulira sopo. Gofu ali ndi muyeso wake, handicap, nambala imene imatsika munthu akamasewera bwino. Mufunseni kuti yake ndi ingati, yolembedwa ku kalabu, osati ya pakamwa. Amene akulota zolipidwa ayenera kufika pa 0, imene amati scratch, ndiponso kupitirira apo. Ndipo pa bwalo la kwawo, pamene akudziwa mtengo uliwonse ndi potsetsereka paliponse, aliyense amaoneka katswiri. Akayesedwe ku Mulanje, ku Limbe, ku Blantyre, ku Lilongwe, m'mipikisano ya achinyamata, tione ngati zigoli zake zikhala zomwezo.

Muuzeninso kuti m'gofu muli ntchito zina zokhazikika: kuphunzitsa osewera pa kalabu, kusamalira kapinga wa bwalo, kukonza ndodo, kuyendetsa mipikisano. Zonsezi zimafuna Chingerezi, masamu ndi satifiketi.

Mukanakhala mlongo wanga ndikanati pitani nokha ku kalabuko tsiku Loweruka, mukapemphe kuonana ndi kaputeni wa gofu, mukamufunse maso ndi maso mmene mwanayu amasewerera ndiponso mmene angalembetsere ku mipikisano ya Golf Union of Malawi. Mnyamatayo mupangane naye poyera: Loweruka, Lamlungu ndi holide ndi za gofu, pakati pa sabata ndi za kalasi, mpaka alembe Fomu 4. Ndalama za zikwamazo azisungako pang'ono za thiransipoti yopitira ku mipikisano. Mukakamva handicap yake mudzatiuze pano, alipo ena m'gulu lino amene amasewera ndipo angamupezere ndodo zakale.