Mwini phukusi wangoti zii, kodi ndilitenge ine?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene wakhala akugwiritsa ntchito Debian, dongosolo la Linux loyendetsera kompyuta, kwa zaka ziwiri. Nkhani yake ndiifupikitse. Pali kapulogalamu kena kamene amakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma kamene kali mu Debian ndi kakalekale, pamene eni ake anatulutsa katsopano chaka chatha. Analemba lipoti lopempha kuti akasinthe, ndipo papita miyezi inayi maintainer wake, munthu amene amakasamalira mu Debian, ali phee. Loweruka lina anangokhala pansi n'kumanga yekha phukusi latsopano (pulogalamu yokonzedwa kuti iikidwe pa Debian), ndipo pa kompyuta yake likuyenda bwinobwino. Ndiye akufunsa kuti, "Ngati ine, amene sindine katswiri, ndachita zimenezi tsiku limodzi, iwowa chikuwavuta n'chiyani? Kodi phukusili ndingalitenge n'kumalisamalira ine?"

Mungathe ndithu, ndipo njira yake ilipo, yolembedwa. Koma musanakwiye kwambiri, tsegulani kaye tracker.debian.org n'kulemba dzina la phukusilo. Anthu ambiri amene amandidandaulira kuti pulogalamu ndi yakale amakhala akuyang'ana mu stable, Debian yomalizidwa imene inatulutsidwa kale, ndipo mu stable zinthu zimakhala zakale mwadala. Phukusi latsopano limafikira mu unstable, imene amaitchanso sid. Likakhalamo masiku angapo, kawirikawiri 5, popanda vuto lalikulu, limasamukira lokha mu testing. Pakapita zaka pafupifupi ziwiri, testing amaitseka pang'onopang'ono, amakonza zotsala, kenako imasanduka stable. Debian 12 inatuluka mu June 2023, Debian 13 mu August 2025. Ikangotuluka, simulowanso zatsopano, kupatula zokonza chitetezo ndi mavuto aakulu. Choncho ngati mu sid muli kale pulogalamu yatsopanoyo, maintainer wanu ntchito yake anagwira, ndipo inu chimene mukusowa ndi backports basi, malo amene mumaikidwa maphukusi atsopano omangidwa kuti ayende pa stable.

Tiyerekeze kuti mwayang'ana ndipo ndi yakale paliponse.

Zimene munachita Loweruka lija sindikuzichepetsa. Ambiri amaima pa kudandaula, inu munatsegula foda ya debian/ n'kuona zili m'katimo. Koma phukusi limene munamanga lija liyenera kuyenda pa kompyuta imodzi, yanu, imene muli kale zonse zimene mwakhala mukuikamo zaka ziwirizi. La mu Debian amalimanga makina ena, m'malo opanda kanthu, momwe mumangolowa zokhazo zimene mwatchula mu debian/control. Mukaiwala library imodzi (kachigawo kamene mapulogalamu ena amadalira) chifukwa kwa inu inalipo kale, basi lagwa. Amalimanganso pa mitundu ingapo ya makina: amd64, arm64, ppc64el, s390x, ndipo tsopano riscv64. Mwina s390x simunaionepo, ndipo simudzaiona, koma imasanja manambala m'chikumbumtima mwake mosiyana ndi laputopu yanu, moti pulogalamu yolembedwa mosasamala imatulutsa zamkutu ikafika kumeneko. Kenako pali munthu uja amene anaika pulogalamu yakaleyo zaka zitatu zapitazo n'kusintha mafayilo ake a mu /etc monga akufunira. Akadzakweza makina ake, zimene anasinthazo zisafufutike. Palinso maphukusi ena amene amadalira lanulo, amene angathyoke mukangolisintha. Nthawi zambiri chimene chimachedwetsa pulogalamu yatsopano ndi chimenechi: ikufuna library yatsopano, ndipo library imeneyo ikasinthidwa maphukusi ena ambirimbiri ayenera kumangidwanso.

Ndiye pali debian/copyright, fayilo imene palibe amaikonda. Muyenera kudziwa laisensi ya fayilo iliyonse imene eni pulogalamu aikamo, ngakhale kachithunzi kapena font. Kuyambira 1997 Debian ili ndi malamulo ake ofotokoza pulogalamu imene ingatchedwe yaufulu, ndipo chilichonse chosagwirizana nawo sichilowa mu gawo la main. Ndinathapo usiku wathunthu ndikusakasaka kumene kunachokera tizithunzi titatu timene munthu wina anangotola pa intaneti n'kutiponya mu pulogalamu. Sindinapeze. Ndinatichotsa.

Koma zonsezi munthu amaphunzira, ndipo lintian, chida chofufuzira zolakwa mu phukusi, ndi sbuild, chomangira phukusi m'malo opanda kanthu aja, adzakulozerani zolakwa zambiri musanachite manyazi pagulu. Chovuta chenicheni ndi china, ndipo ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine.

Phukusi langa loyamba linali lamasiye. Mawu amenewa si anga: mu Debian phukusi limene mwini wake walisiya amalilemba chilembo O, kutanthauza kuti ndi lamasiye, ndipo limakhala pa mndandanda wa WNPP, wa maphukusi ofuna owasamalira, kudikira wolilera. Ndinalitenga mokondwa. Chaka choyamba lipoti likabwera ndinkayankha tsiku lomwelo, mwina ndisanadye n'komwe. Chaka chachiwiri ntchito inandichulukira, kunyumba kunagwa matenda, ndipo maimelo a phukusilo ndinawapangira foda yawoyawo kuti ndidzawawerenge Loweruka. Loweruka limenelo silinafike. Compiler yatsopano, chida chomangira mapulogalamu, italowa mu sid, phukusi langa linaleka kumangika. Wina analemba lipoti n'kuliika pa mlingo wa serious, wa mavuto aakulu. Ndinaliona. Ndinati mawa. Kenako panabwera imelo ya makina, yopanda moni, yonena tsiku limene phukusilo lidzachotsedwe mu testing. Nayonso ndinaiona, ndipo manyazi ndi amene anandiletsa kuyankha, chifukwa ndikayankha ndiye kuti ndavomera kuti ndinali ndikuona nthawi yonseyi.

Patapita masiku, munthu amene sindimamudziwa, ndipo mpaka lero sindinakumane naye, analemba pa lipoti lomwe lija. Mizere inayi yokha. Anati wakonza vutolo, patch yake (mizere imene wasintha) ndi iyi, waika phukusi lokonzedwalo pa mzere wodikira wa DELAYED kwa masiku 10, ndipo ngati ndikufuna kuti aliimitse ndingomuuza. Sanafunse kuti ndili kuti. Sananene kuti ndagona. Poyamba mtima unandipweteka, ngati munthu walowa m'nyumba mwanga n'kusesa ine ndili chigonere. Ndinatsegula patch ija kuti ndipezemo cholakwika. Inali mizere isanu ndi umodzi, yolondola yonse, ndipo sanakhudze china chilichonse, ngakhale zinthu zina zimene zinali zoonekeratu kuti n'zosalongosoka. Ndinamuthokoza usiku womwewo, ndipo mwezi wotsatira ndinalipereka phukusilo ku gulu kuti tizilisamalira angapo.

Choncho mukandifunsa kuti maintainer wanu chikumuvuta n'chiyani, ndimaona foda yanga ija. Palibe amene amamulipira. Mwina ali ndi maphukusi makumi atatu ndipo lanulo ndi limene saligwiritsanso ntchito. Mwina wadwala, mwina wabereka mwana, mwina wangotopa. Debian 12 inatuluka ndi maphukusi oposa 64,000, pamene anthu amene ali mamembala athunthu a polojekitiyi ndi pafupifupi 1,000. Gawani nokha.

Zimene anandichitira munthu uja amazitcha NMU, ndiko kuti wina amene si mwini phukusi wakweza zokonza, kutanthauza kuti wazitumiza mu Debian. Koma NMU ndi yokonzera vuto lodziwika, mosintha zochepa kwambiri. Kulowetsa pulogalamu yatsopano yathunthu kudzera pamenepo anthu sakondwera nako, ndiye kwa inu khomo limenelo si loyamba.

Ine ndikanakhala inu ndikanabwerera pa lipoti lanu lija, koma ulendo uno nditanyamula kanthu m'manja. Maphukusi ambiri masiku ano amasungidwa pa Salsa, seva ya Debian ya git, chida chosungira ntchito ya mapulogalamu ndi mbiri ya zosintha zake. Ikani ntchito yanu kumeneko ngati merge request, pempho loti zosintha zanu zilowetsedwe, ndipo pa lipotilo lembani zimene mwachita: mwamanga mu sbuild, lintian wanena zakutizakuti, patch iyi mwaichotsa chifukwa eni pulogalamu anaikamo kale, mafayilo awiri atsopano ali ndi laisensi yakuti. Kenako funsani ngati angalole kuti muzithandizana. Munthu wotopa amayankha msanga imelo imene ikumutula katundu kusiyana ndi imene ikumusenzetsa wina. Chonde mawu oti "papita miyezi inayi" musawalembe. Akudziwa.

Akapanda kuyankha, njira zina ziwiri zilipo. Ngati munthuyo wasowa paliponse, osati pa phukusi ili lokha, kuli gulu la MIA limene ntchito yake ndi kufufuza anthu osowa chonchi, ndipo likalephera kumupeza maphukusi ake limawalemba kuti ndi amasiye. Ngati akuoneka kwina koma phukusi ili walitaya, kuyambira 2018 pali dongosolo lotchedwa ITS: mumalemba lipoti lonena poyera kuti mukufuna kulipulumutsa, mumapereka umboni wakuti lasiyidwa, n'kudikira masiku 21. Akakana, mwasiya. Akapanda kunena kanthu, phukusilo limakwezedwa, komabe limadikiranso sabata imodzi pa DELAYED. Ndipo pa zonsezi inuyo simungakweze nokha. Mumaika ntchito yanu pa mentors.debian.net n'kupempha sponsor, membala amene adzawerenge zonse n'kusainira ndi kiyi yake. Adzakubwezerani kawiri kapena katatu, nthawi zina pa zinthu zooneka zazing'ono ngati mzere wa mu changelog, fayilo yolembamo zimene zasintha. Mukagwira ntchito chonchi kwa nthawi, anthu n'kukudziwani, mutha kupempha kukhala Debian Maintainer, n'kumakweza nokha maphukusi okhawo amene mwaloledwa.

Ndikudziwa kuti mukuona ngati zipata zachuluka. Nanenso ndinkatero. Koma taganizani: phukusi likamaikidwa pa kompyuta, malamulo ake oikira amayenda ndi mphamvu za root, zolamulira makina onse. Amene wapatsidwa phukusi wapatsidwa makiyi a makina onse amene adzaliike, kuphatikizapo a Ubuntu ndi ena ambiri amene amatenga maphukusi awo ku Debian.

Nkhani ziwiri zikusonyeza kuopsa kwake. Yoyamba: mu 2006, pa phukusi la Debian la OpenSSL, pulogalamu yopangira makiyi achinsinsi, anachotsapo mizere ingapo pofuna kuthetsa machenjezo a chida choyezera zolakwa chotchedwa Valgrind. Panalibe chiwembu, anali munthu wofuna kukonza. Koma mzere umodzi mwa imeneyo ndi umene unkathira manambala osalosereka popanga makiyi achinsinsi. Kwa zaka pafupifupi ziwiri, makiyi opangidwa pa Debian ndi Ubuntu ankachokera m'kagulu ka pafupifupi 32,768 pa mtundu uliwonse, kochepa moti munthu akanatha kuwayesa onse. Luciano Bello anatulukira zimenezi mu May 2008, ndipo dziko lonse linayamba kusintha makiyi a SSH, njira yolowera m'makina uli kutali. N'chifukwa chake sponsor wanu adzakufunsani za patch iliyonse imene mwaika mu debian/patches, kuti eni pulogalamu aiona kapena ayi.

Nkhani yachiwiri ndi imene imafanana kwambiri ndi imelo yanu, ndipo mundikhululukire, sindikukuganizirani zoipa. Pulogalamu yopanikiza mafayilo ya xz ankaisamalira munthu mmodzi, Lasse Collin, kwa zaka zambiri, mpaka anatopa. Mu 2022 kunayamba kubwera maimelo omudandaulira kuti akuchedwa, kuti ma patch akungokhala, kuti apereke ntchitoyo kwa wina. Wina wake analipo kale pafupi, wodzitcha Jia Tan, wothandiza, wakhama. Anapatsidwa mphamvu pang'onopang'ono, ndipo mu 2024, mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, munabisidwa khomo lachinsinsi lolowera m'makina kudzera pa SSH. Zimenezi sizinachitikire mu Debian, zinachitikira kwa eni pulogalamu, koma maphukusiwo anafika mu sid ndi mu testing. Andres Freund anadabwa kuona kuti kulowa pa SSH pa makina ake a sid kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, anakumba, ndipo pa 29 March 2024 anaulula. Mu stable zinali zisanafike. Kuchokera nthawi imeneyo, munthu wachilendo akatulukira ndi mawu oti maintainer akuchedwa, ndipatseni ine, anthu amayamba atukula nsidze. Simunalakwe kanthu, koma dziwani kuti mawu amenewo anawayankhulapo kale ena.

Chinanso, dzifunseni nokha moona mtima ngati pulogalamuyi mudzakhala mukuigwiritsabe ntchito zaka zitatu zikubwerazi. Phukusi likalowa mu stable ndi dzina lanu, vuto lachitetezo likadzapezeka imelo idzabwera kwa inu, mwina pa nthawi imene simukuifuna n'komwe. Ngati yankho ndi "kaya", musalitenge. Khalani wothandizira, dzina lanu lilembedwe pa mzere wa Uploaders pambali pa la mwini wake, kapena lowani mu gulu limene limasamalira maphukusi a mtundu umenewo, monga la Python kapena la Perl, momwe mukasowa mwezi wina amatseka mpata. Ndipo tsiku limene mudzatope, lembani RFA, kunena kuti mukufuna wina alitenge. Ndi imelo ya mizere iwiri, imene ine inanditengera miyezi isanu ndi itatu.

M'kalata yanu simunatchule dzina la phukusilo. Nditumizireni, pamodzi ndi zimene lintian wanena. Ine si sponsor, sindingakukwezereni, koma debian/copyright yanuyo nditha kuiwerenga musanaionetse kwa ena.