Nambala zitatu, bawuti imodzi: torque ya hedi muipeza kuti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene akukonza okha galimoto yawo ya Toyota, ya injini ya 1NZ-FE. Gasiketi ya hedi, chotsekera chimene chimakhala pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thunthu la injini), inapsa, hedi anaichotsa n'kukaisalazitsa, ndipo pano atsala pobwezera. Alemba kuti: "Ndafufuza pa intaneti torque ya mabawuti a hedi. Pena alemba 29, pena 21, pena 300. Ndikhulupirire iti? Mnzanga akuti ndingomanga mpaka dzanja likane."

Bambo, mtima m'malo. Nambala zitatuzo zikunena chinthu chimodzi, torque, kapena kuti mphamvu yopotozera bawuti poimanga, kungoti miyezo yake ndi yosiyana. 29 ndi ma newton mita, olembedwa Nm. 21 ndi ma ft-lb, muyezo umene aku America amaukonda, ndipo ft-lb imodzi ndi 1.356 Nm. 300 ndi ma kgf-cm, amene mabuku a ku Japan amalemba pambali. Mukachulukitsa 21 ndi 1.356 mufika pafupi ndi 29 pomwepo. Onani zilembo zolembedwa pa torque wrench yanu, sipanala imene imalira mphamvu ikafika pa nambala imene mwatchera, mutenge nambala yogwirizana nazo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi china: simunatchule madigiri. Pa injini imeneyi 29 Nm ndi poyambira chabe. Buku la Toyota limati mukamanga mabawuti onse khumi kufika pa 29 Nm, muike kadontho ka penti kutsogolo kwa mutu wa bawuti iliyonse, mupotoze iliyonse madigiri 90, mukatha onse mubwerezenso madigiri 90 ena. Pomaliza timadontho tonse tikhale titayang'ana kumbuyo, titazungulira madigiri 180. Mukalekera pa 29, injini ilira bwinobwino tsiku loyamba, koma gasiketi yatsopanoyo sichedwa kupsanso, madzi n'kuyamba kusakanikirana ndi oyilo.

N'chifukwa chiyani amachita zamadigirizi? Bawuti ya hedi ili ngati sipulingi yolimba kwambiri. Mukamaimanga imatalika pang'ono, ndipo kufuna kwake kubwerera m'malo ndi kumene kumapanikiza hedi pa buloko. Tsono torque wrench siyeza kutalikako. Imangoyeza mphamvu imene mukupotozera, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 a mphamvuyo amathera m'kukhulana kwa zitsulo, m'mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti. Kagawo kotsalako ndi kamene kamakoka bawuti. Mazinga akakhala ndi dzimbiri, wrench imalira msanga bawuti isanakoke mokwanira. Akakhala oterera kuposa mmene buku likufunira, bawuti imakoka mopitirira pa nambala yomweyo. Madigiri alibe vuto limeneli, poti bawuti ikazungulira kotala imalowa mtunda womwewo, kaya ndi youma kaya yonyowa. Apa ndi pamene malangizo a mnzanu aja akugwera. Dzanja limamva kukhulana, silimva kutalika kwa bawuti, ndipo mabawuti khumi silingawamange mofanana.

Kumene mungapeze nambala yodalirika ndi m'buku lokonzera injini lolembedwa ndi kampani yopanga galimotoyo. Mabuku okonzera magalimoto a kampani ya Haynes nawonso amalemba nambalazi kumayambiriro kwa mutu uliwonse. Koma musafufuze ndi dzina la galimoto lokha, chifukwa galimoto za dzina limodzi zimabwera ndi injini zosiyanasiyana. Inu mwachita bwino kutchula 1NZ-FE. Amene sakudziwa injini yawo apukute buloko ndi kasanza, zilembozo zimadindidwa pachitsulo pomwepo. Nambala ya pa intaneti yosatchula injini, muyezo, ndi ndondomeko yomangira, ine sindiigwiritsa ntchito ngakhale ataibwereza anthu makumi awiri. Ndipo matebulo aja ongoyang'ana kukula kwa bawuti ndi kulimba kwake, 8.8, 10.9 kapena 12.9, ndi othandiza pa bulaketi kapena chogwirira alitaneta. Pa hedi, pa ma con rod (mikono ya ma pisitoni) ndi pa ma main bearing (zogwirira shafuti yaikulu ya injini), ayi.

Mukalipeza bukulo, werengani tsamba lonse, osati nambala yokha. Muona kuti Toyota akuti mupake oyilo wa injini pang'ono m'mazinga ndi pansi pa mutu wa bawuti. Pang'ono, osati kuviika. Musanaike hedi, unikani m'mabowo a mabawuti ndi tochi. Nthawi zambiri pansi pake pamakhala patadikha madzi kapena oyilo amene anatsikiramo pochotsa hedi. Bawuti ikafika pamadziwo imakanika kutsika, wrench imalira ngati zatheka pamene hedi sinagwire, ndipo nthawi zina buloko imang'ambika chifukwa madzi sapanikizika. Pemererani mabowo ndi mpweya kapena yamwitsani ndi kansalu kokulunga pa waya mpaka muume. Kenaka yesani bawuti iliyonse ndi zala, ilowe mosavuta mpaka pansi.

Ndondomeko yomangira ili pachithunzi m'buku: kuyambira pakati, kumadumphira uku ndi uku, kumapita kumapeto. Hedi ya aluminiyamu ikamangidwa kuyambira mbali imodzi imapindika. Pomasula mumayambira kumapeto.

Za wrench yeniyeniyo, gwirani pakati pa chogwirira, kokani mwapang'onopang'ono osadzutsa, ndipo ikangoti "kwa" lekani. Kubwereza kuti ilirenso kumawonjezera mphamvu. Wrench yaikulu yofika 200 Nm siyeza bwino kumunsi kwenikweni kwa sikelo yake, choncho pa 29 Nm ndi bwino kupeza yaing'ono. Musamasulire nayo mabawuti, ndipo mukamaliza ntchito bwezani sikelo pa nambala yotsikitsitsa kuti sipulingi yake ipume.

Nkhani ya miyezo ija ndimaitenga mwamphamvu chifukwa inandionetsapo zakuda. Ndikuphunzira ntchito, ndinkamanga chivundikiro cha ma valavu, buku litalemba 89. Ndinatchera wrench pa 89 ft-lb osaona kuti alemba in-lb, muyezo wochepa kakhumi ndi kawiri. Kabawuti ka mamilimita 6 kofuna 10 Nm ndinakapatsa mphamvu yolowera ku 120. Sikanadikire n'komwe kuti wrench ilire. Ndinangomva dzanja lapepuka, mutu wa bawuti uli m'soketi, thunthu lake latsala m'hedi. Tsiku lonse linathera pa kuboola ndi kutulutsa chidutswacho, mtima uli m'mwamba kuopa kuwononga mazinga a aluminiyamu.

Chotsala ndi mabawuti anu akale. Mabawuti omangidwa ndi madigiri amakokedwa mpaka kufika pamene chitsulo chimayamba kutalika osabwereranso kwenikweni. Makampani ambiri amati oterewa agwire ntchito kamodzi basi. Pa injini yanu Toyota amalola kuwabwezera ngati mwawayeza ndi vernier, kachipangizo koyezera kutalika ndi kunenepa kwa zitsulo, n'kupeza kuti sanapitirire malire olembedwa m'buku. Ayezeni onse khumi, imodziimodzi, ndipo muyang'anenso ngati pena paonda m'mazinga. Ngati mulibe choyezera, kapena simukudziwa kuti hediyo inatsegulidwapo kangati m'mbuyomu, gulani atsopano pamodzi ndi mawashala ake. Mukamanga, mundilembere kuti timadontho ta penti tija tayang'ana kuti.