Ndingapitirize bwanji kuika mavidiyo popanda kugwa mphwayi?

Mmodzi wa owerenga wandilembera imelo yondikhudza mtima. Akuti anayamba kuika mavidiyo pa YouTube tsiku ndi tsiku, koma patatha miyezi iwiri anatopa n'kukhala chete kwa mwezi wathunthu, ndipo akufuna kudziwa momwe angayambirenso osadzasiyiranso panjira.

M'bale wanga, vuto lanu si ulesi ayi. Munasankha liwiro limene mungalikwanitse pa sabata yabwino yokha, pamene muli ndi mphamvu, nthawi komanso intaneti yosavuta. Ndondomeko yoyenera ndi imene mungaisunge ngakhale pa sabata imene mwadwala, kuntchito kwachuluka zochita, kapena mwakhumudwa chifukwa vidiyo imene munaichezera usiku wonse yaonedwa ndi anthu owerengeka. Ngati mphamvu zanu zikufika pa vidiyo imodzi pa sabata, sankhani tsiku limodzi ndipo okuonerani alizolowere.

Malamulo a YouTube nawonso amakomera munthu wakhama lokhalitsa. Kuyambira mu 2018, kuti muyambe kulandira ndalama za otsatsa malonda kudzera m'mavidiyo aatali, pamafunika okutsatirani 1,000 ndiponso kuti mavidiyo anu aonedwe kwa maola 4,000 m'miyezi 12 yapitayi. Maola amene apyola miyezi 12 sawerengedwanso, choncho amene amaika mavidiyo ambiri nthawi imodzi kenako n'kusowa kwa nthawi yaitali amatha kuona maola ake akuchepa m'malo mowonjezereka.

Chimene ndikukulimbikitsani kwambiri n'chakuti musayambirenso chimanjamanja. Jambulani ndi kukonza mavidiyo atatu kapena anayi musanatulutse ngakhale imodzi, muwaike mu YouTube Studio (malo a pa YouTube oikira ndi kuyang'anira mavidiyo anu), ndipo iliyonse muipatse tsiku ndi ola loti idzatuluke yokha. Imodzi ikatuluka, konzani ina yolowa m'malo mwake, kuti tsiku limene mwagona ndi mutu, okuonerani adzapezebe kanthu pa nthawi yake. Mafunso amene anthu amakufunsani pansi pa mavidiyo muziwalemba m'kabuku, chifukwa ambiri amasiya ntchitoyi atasowa chokamba, osati atasowa kamera.

Ziwerengero musaziyang'ane m'mawa uliwonse, zingokufooketsani. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, ndipo muzifufuza makamaka mphindi imene anthu amasiyira kuonera, poti pamenepo ndi pofunika kukonza.

Za mwezi umene munasowa, musataye vidiyo yonse pakupepesa. Nenani mawu ochepa poyambira, kenako lowani m'nkhani imene anthu anadzera.