Nyimbo za magemu akale zinali ndi eni ake: tikumbukire Koichi Sugiyama

Achimwene, mwafunsa ngati tinyimbo ta "ti-ti-ti" ta m'magemu akale tija tinkachita kupekedwa ndi anthu, kapena makina ankangolira okha, ndiponso ngati alipo wina amene tingamutchule dzina. Anali anthu ndithu, ena mwa iwo akatswiri otheratu. Ine ndikuuzani za mmodzi amene ndimamukumbukira kawirikawiri, bambo wa ku Japan, Koichi Sugiyama, yemwe anatisiya pa 30 September 2021 ali ndi zaka 90.

Ndiyambe ndi makinawo, chifukwa mukawamvetsa mpamene mungaone kukula kwa ntchito yake. Amene tinasewerako "TV game" ya makatiriji achikasu ija, yolumikiza kumbuyo kwa TV pamalo pa eriyo, tinali kugwiritsa ntchito makina otengera Famicom ya kampani ya Nintendo, imene inatuluka ku Japan mu 1983. Kwa amalume anga tinkakhala pansi ana asanu kudikirana, katiriji ikakana tinkaiuzira mpweya ngati tikukoleza moto, adaputala itatentha yosagwirika. Kachipangizo kotulutsa mawu m'makinawo kanali ndi mawu atatu okha oimbira nyimbo: awiri akuthwa ndi limodzi lofewa lomwe kawirikawiri linkagwira besi. Panalinso phokoso la "shhh" ngati la wailesi yosachunidwa bwino, lomwe linkalowa m'malo mwa ng'oma, ndi kanjira kena koseweretsera timawu tojambulidwa, komwe magemu ambiri oyambirira sankakakhudza. Tangoganizani kwaya ya anthu atatu, sopulano, alito ndi besi, basi. Ndiye ukawombera mfuti kapena kudumpha, phokoso lakelo linkalanda malo a woimba mmodzi, nyimbo nkutsala yopereweza kwa kanthawi. Ndili mwana ndinkazimva zimenezi koma chifukwa chake ndinadzachidziwa nditakula.

Sugiyama anabadwa mu 1931 ku Tokyo, anaphunzira pa University of Tokyo, nagwira ntchito yoyendetsa mapologalamu a nyimbo ku Fuji TV asanayambe kudya za kupeka nyimbo. Pofika m'ma 1980 anali kale munthu wa dzina, wopekera oimba otchuka, makatuni ndi otsatsa malonda. Mmene analowera m'magemu mpamene pamandisangalatsa. Ankakonda masewera kwambiri, ndipo atasewera gemu ya pakompyuta ya shogi, yomwe ndi tchesi ya ku Japan, anadzaza kakhadi kofunsa maganizo a ogula kamene kanali m'bokosi. Kakhadiko katafika ku kampani ya Enix, ogwira ntchito anadabwa kuona dzina lake, ndipo anamufunafuna nkumupempha kuti awapekere nyimbo.

Ndimo mmene anapezekera pa Dragon Quest, gemu ya Enix ya pa Famicom, imene inatuluka pa 27 May 1986. Nkhani yake analemba ndi Yuji Horii, zithunzi anajambula ndi Akira Toriyama, yemwenso anamwalira mu 2024. Gemu yonseyo, nkhani, zithunzi ndi nyimbo, inakwana m'makilobayiti 64, malo ochepa kuposa chithunzi chimodzi chimene mumajambula pa foni lero. Sugiyama, ali ndi zaka zopitirira 50, analemba nyimbo zisanu ndi zitatu m'sabata imodzi yokha: yotsegulira, ya kunyumba ya mfumu, ya m'mudzi, ya kutchire, ya m'phanga, ya nkhondo, ya mdani wamkulu ndi yotsekera.

Apa ndi pamene ndimamupatsira ulemu. Sanawaone makinawo ngati chidole choti angoponyapo kalikonse. Anaona kuti nkhani ya mafumu ndi malupanga ikuyenera nyimbo za classical, zija zachikale za ku Ulaya zoimbidwa ndi orchestra (gulu lalikulu la oimba zida), komanso kuti munthu adzamva nyimbo yomweyo maola ambirimbiri, choncho isakhale yotopetsa khutu. Munthu amene ali ndi oimba 80 akhoza kubisa nyimbo yofooka m'chikhamu cha mavayolini ndi malipenga. Wa mawu atatu alibe pobisala. Mzere uliwonse uyenera kuima pawokha, ndipo besi iyenera kuyenda ngati ili ndi nyimbo yakeyake, monga zimakhalira m'nyimbo za Bach, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Germany. Mukamvetsera ya kunyumba ya mfumu mudzamva mawuwo akuyankhana, wina akatsika wina akukwera. Ya kutchire ndi yachete, yachisoni pang'ono, chifukwa ngwazi ya m'gemuyo ikuyenda yokhayokha m'dziko loopsa. Koma imene imandigwira mtima ndi ya m'phanga. Nyimbo yake ndi imodzi yomweyo, koma ukatsika masitepe kupita pansi, imatsika mawu nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Ukatsikanso, imatsikanso. Pofika pansi penipeni mtima umakhala uli m'mwamba, ngakhale pa sikirini pali timabokosi tokhatokha ta mdima.

Umboni woti nyimbozi zinali zokhwima unaoneka msanga. Pa 20 August 1987 anaimirira mu Suntory Hall ku Tokyo nkutsogolera oimba a zida zenizeni poimba nyimbo za Dragon Quest, ndipo ambiri amautenga mwambo umenewo kukhala konsati yoyamba ya nyimbo za magemu. Pambuyo pake zinajambulidwanso ndi London Philharmonic Orchestra. Anapitiriza mpaka Dragon Quest XI ya mu 2017, ndipo nyimbo zonse zimene anapekera magemu amenewa zinapitirira 500.

Pali mbali ina imene sindingaibise, chifukwa mukamufufuza mudzaipeza. Pa ndale, Sugiyama anali m'gulu la anthu okana nkhanza zimene asilikali a Japan anachita pa nkhondo za m'ma 1930 ndi 1940, kuphatikizapo kuphedwa kwa anthu mumzinda wa Nanjing ku China. Mu 2007 anali mmodzi mwa amene anaika chilengezo mu nyuzipepala ya Washington Post chotsutsa zoti asilikaliwo ankakakamiza amayi kukhala akapolo ogonedwa. Zimenezi zinapweteka anthu ambiri ku Korea, ku China ndi kwina, ena mwa amayiwo akadali moyo. Ine zimandiwawa, ndipo sindigwirizana nazo ngakhale pang'ono. Alipo amene anasiyiratu kumvera nyimbo zake pa chifukwa chimenechi, ndipo sindiwadzudzula. Ine ndimamverabe, koma ndikamamutchula ndimatchula zonse ziwiri.

Mwina munamumvapo kale osadziwa. Pa 23 July 2021, pa mwambo wotsegulira Olympics ku Tokyo, osewera a mayiko onse, a Malawi ndi Zambia omwe, analowa m'bwalo nyimbo za magemu zikulira. Yoyambirira, pamene mbendera ya Greece inkalowa, inali yotsegulira Dragon Quest ija. Patangopita miyezi iwiri mwini wake anamwalira.

Mukapeza bandulo madzulo ano, lowani pa YouTube mufufuze nyimbo yotsegulirayo ya pa Famicom ya 1986, kenako ya orchestra. Muvale mahedifoni, ndipo ulendo woyamba mutsatire besi yokha. Mukatha mubwere mutiuze pano zimene mwamva.