Funsani za Kompyuta: kapulogalamu kakudya memory kapena ndi kutentha kwa ku Ngabu?

FUNSO: Akulu, ine ndimalemba mayina ndi makilo a alimi a thonje ku kalabu yathu kuno ku Ngabu, timagwiritsa kapulogalamu komwe anatipangira mnyamata wina wa ku Blantyre. Mmawa kamayenda bwinobwino koma ikamakwana 2 koloko laputopu yonse imangolemera, kudina kamodzi mpaka kudikira. Ndi ya Windows 10, RAM 4GB. Mnyamatayo akuti vuto ndi kutentha kwathu kuno, koma ine ndikukaikira kapulogalamu kakeko. Umboni ndiupeza bwanji?
Wowerenga, Ngabu

YANKHO: Achimwene, mnyamatayo sakunama kwenikweni, dzuwa la Chigwa cha Shire mu Okutobala limapitirira madigiri 40 ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Koma yesani izi kaye: ikayamba kulemera, tsekani kapulogalamuko nkukatsegulanso. Ikapepuka pompo pomwe kunja kukuwotchabe chimodzimodzi, ndiye dzuwa lilibe mlandu.

Ambiri amangodina Ctrl+Shift+Esc nkuyang'ana mu Task Manager nambala ya memory (RAM, malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo) yomwe pulogalamu yatenga basi, koma nambala ya kamodzi siikuuzani kanthu, 300MB ikhoza kukhala yabwinobwino kapena ikhoza kukhala ili pa ulendo wopita ku 2GB. Chofunika ndi kuona momwe ikusinthira tsiku lonse.

Windows ili kale ndi chida chake, palibe chodawuniloda, bandulo yanu isungeni. Tsegulani kapulogalamu kanu kaye (mukapanda kutero dzina lake silioneka pa mndandanda), kenako dinani Windows+R mulembe perfmon. Kumanzere pitani pa Data Collector Sets, User Defined, mupange yatsopano posankha Create manually kenako Performance counter. Pansi pa Process musankhe Private Bytes ndi dzina la pulogalamuyo. Working Set ilinso pomwepo koma ine sindiikhulupirira kwambiri pa nkhani ngati iyi, chifukwa RAM ikadzadza Windows imasamutsira zina pa hadi disiki ndiye nambalayo imatha kutsika pomwe pulogalamu ikudyabe, ndipo kusamutsa komweko ndi kumene kumalemeretsa laputopu. Private Bytes ndi memory yomwe pulogalamuyo yadzitengera yokha, siibisa.

Nthawi musiye pa masekondi 15, mukamaliza kuipanga dinani kawiri DataCollector01 yomwe ili mkati mwake, pa Log format muike Comma Separated, dinani Start nkugwira ntchito yanu monga mwa masiku onse. Maola 8 akupatsani mizere 1,920. Chajani batire idzadze, magetsi akathima laputopu nkuzima muyambiranso mawa. Madzulo dinani Stop, fayilo muipeza mu C:\PerfLogs\Admin, itsegulani mu Excel, manambalawo ali mu ma byte ndiye muwagawe ndi 1,048,576 kuti akhale ma MB, kenako Insert, Line chart.

Tsopano yang'anani mzerewo. Ukakwera mmawa nkukhazikika, pulogalamu ilibe vuto la memory, pukutani fumbi pa fani ndipo laputopu musamaiike pa mkeka kapena pa bedi. Ukamakwera nkugwa, kukwera nkugwa ngati mano a sowo, ndi bwinonso, ikutenga nkubweza. Koma ukamangokwera osatsikako, mlimi aliyense mukamulowetsa ukuwonjezekera, imeneyo ndiyo memory leak, pulogalamu ikutenga memory osabweza ndipo wokonza ndi yemwe anailemba. Mutumizireni girafuyo pa WhatsApp pamodzi ndi fayilo yake, mulembenso nthawi yomwe laputopu inayamba kulemera. Podikira akonze, muzikatseka nkukatsegulanso mukamapita kukadya nsima.