Kanyumba kopumulirako ku Siavonga

Funso: Akulu, ndimakhala ku Chilenje mu Lusaka, ndikufuna kapuloti ku Siavonga m'mbali mwa nyanja ya Kariba ndimangepo kanyumba ka holide. Ndiyambire pati?

Yankho: Achimwene, kuno ku Zambia malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti malinga ndi lamulo la 1995, inu mumangopatsidwa lizi (kubwereka malo) yosapitirira zaka 99 ndipo chaka chilichonse mumalipira renti ku boma. Ngati ndi malo a mfumu yambirani kwa mfumuyo kenako khonsolo, osapereka ndalama kwa munthu wongokulozerani ndi chala. Koma ine nkhawa yanga ndi madzi, damu la Kariba limayendetsedwa ndi bungwe la Zambezi River Authority ndipo madzi amakwera ndi kutsika, mu 2024 anatsika kwambiri, ndiye musamange pamene pauma lero chifukwa nyanja ikadzadza madzi adzakulowerani m'nyumba.